Ophunzira kompyuta mumawataya pa kozi yoyamba ya programming

Funso: Ndapatsidwa udindo wotsogolera komiti younikanso maphunziro a Computer Science pa yunivesite yathu kuno ku Malawi. Ana amene amasankha digiri yathu ndi ochepa, atsikana ndiye ochita kuwerenga ndi zala, ndipo mwa amene amabwera, ambiri amagwa chaka choyamba. Ena amabwereza, ena amasamukira ku madigiri ena. Anzanga mu komiti akuti tiwonjezere makozi a AI, Data Science ndi Cybersecurity kuti tikope achinyamata. Kodi tiyambire pamenepo?

Yankho: Zikomo aphunzitsi. Makozi amene anzanuwo akunena ndi abwino, ndipo nthawi yake idzakwana. Koma taonani pomwe angakhale pa ndandanda yanu: chaka chachitatu kapena chachinayi. Mwana amene mukumutayayo safika kumeneko. Amagwa mu semesita yoyamba, pa kozi yoyamba ya programming (kulemba mapulogalamu a kompyuta), ndipo nthawi zambiri mtima wake umakhala utachoka kale mayeso asanafike. Ntchito yaikulu ya komiti yanu ili pa kozi imeneyo. Ikakonzeka, zokopa ana atsopano zimapepuka, chifukwa mbiri ya dipatimenti imafika ku sekondale kudzera mwa omwe akuphunzira kale.

Musanakhudze silabasi, pitani kwa aregistrala mukatenge zotsatira za magulu atatu kapena anayi apitawa. Pa gulu lililonse lembani kuti analowa angati, anakhoza angati kozi yoyamba ya programming ulendo woyamba, anakhoza angati atalemba supu, ndipo anali akadali mu digiriyo angati pamene chaka chachiwiri chimayamba. Manambalawo muwagawe pawiri pawiri: anyamata ndi atsikana, amene analemba Computer Studies pa MSCE ndi amene sanalembe, amene digiriyi anaiika poyamba pa fomu ya NCHE (bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba) ndi amene anangoponyedwako. Muonenso amene anachoka magiredi awo ali bwino, chifukwa ambiri a iwo amakhala atachoka kaamba ka fizi, malo ogona kapena chakudya, ndipo amenewo silabasi yatsopano siingawabweze. Kuti mudziwe ngati vuto lanu lapitirira muyeso, yerekezani ndi izi: mu 2007 Jens Bennedsen ndi Michael Caspersen a ku Denmark anafufuza m'masukulu a m'mayiko osiyanasiyana napeza kuti pafupifupi ophunzira 67 pa 100 aliwonse amakhoza kozi yoyamba ya programming. Christopher Watson ndi Frederick Li anapeza pafupifupi nambala yomweyo mu 2014. Ndiye kuti kulephera kwa mmodzi mwa atatu n'kofala, koma sikuti n'kosatheka kukuchepetsa.

Mu komiti mudzamva wina akunena kuti programming ndi mphatso yobadwa nayo, wina ali nayo wina alibe, ndipo kozi yoyamba ntchito yake ndi kusefa. Maganizo amenewa atsutseni ndi umboni. Mu 2016 Elizabeth Patitsas ndi anzake ku Canada anaunika magiredi a makalasi 778 a kompyuta a pa University of British Columbia, ndipo anapeza kuti ndi makalasi osakwana 6 pa 100 aliwonse amene magiredi ake anagawikadi pawiri, anzeru uku olephera uko. Chimene aphunzitsi ambiri amachitcha mphatso ndi kuzolowera chabe. Mwana wochokera ku sukulu yokhala ndi labu, kapena amene kwawo kuli laputopu, amalowa m'kalasi akudziwa kale kusunga fayilo, kupeza foda, kutayipa osayang'anitsitsa kiyibodi. Mnzake wochokera ku CDSS yopanda magetsi, amene mwina masamu anakhoza kuposa iye, akufufuzabe pomwe pali chizindikiro cha { pamene mphunzitsi wafika kale pa mzere wachisanu. Pakatha masabata atatu mwana wachiwiriyu amadzigamula yekha kuti mutu wake si wa kompyuta, ndipo amasiya kufunsa mafunso.

Carnegie Mellon University ya ku Pittsburgh inakumana ndi zimenezi m'zaka za m'ma 1990. Allan Fisher ndi Jane Margolis atafufuza, sukuluyo inasiya kuika patsogolo amene anachitapo kale programming posankha ophunzira, ndipo inatsegula makomo angapo olowera mu digiriyo malinga ndi pomwe munthu akuyambira. Akazi olowa chaka choyamba anachoka pa 7 pa 100 aliwonse mu 1995 kufika pa 42 mu 2000. Harvey Mudd College ya ku California inachitanso zofanana kuyambira mu 2006. Kozi yoyamba anaigawa magulu awiri, Gold la amene sanachitepo programming ndi Black la amene anachitapo, mayina otengera mitundu ya sukuluyo kuti pasakhale gulu lodziwika kuti ndi la ofooka. Pa chinenero cholembera mapulogalamu, anachoka pa Java kupita pa Python. Mwana amene ankakonda kuonetsa nzeru m'kalasi, kufunsa zapatsogolo zimene anzake sanazimvepo, aphunzitsi ankamuitanira pambali, kumuyamikira, n'kumupempha kuti nkhani zimenezo azibwera nazo ku ofesi. M'zaka zochepa akazi ochita Computer Science anachoka pafupifupi pa 10 kufika pafupifupi pa 40 pa 100 aliwonse, ndipo mu 2016 anaposa theka la omaliza digiriyo. Dziwani kuti Harvey Mudd ndi kasukulu kakang'ono, kolemera, ndipo mwana aliyense wa chaka choyamba amachita kozi imeneyo. Manambala awo musawalonjeze kwa Senate ya yunivesite yanu. Chotengako ndi kugawako.

Kugawa sikufuna mphunzitsi wachiwiri ngati mulibe. Lekitchala ikhoza kukhala imodzi, koma magulu a labu ndiwo agawidwe. Sabata ya orientation perekani kapepala ka mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi: kodi munalembapo pulogalamu iliyonse, m'chinenero chanji, muli ndi laputopu kapena foni ya Android, ndi timafunso tiwiri towerenga khodi yaifupi. Amene sanagwirepo kompyuta apatseni maola awiri owonjezera pa sabata m'masabata anayi oyamba, a kiyibodi, mafayilo ndi mafoda basi. Mayeso omaliza akhale amodzi kwa onse. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: akagawa, gulu la oyamba kumene amalifewetsera, ana amakhoza bwino, kenako chaka chamawa onse amakagwera pa kozi yotsatira ya Data Structures. Mukatero vuto mwangolisunthira kutsogolo, ndipo kumeneko limakhala lopweteka kwambiri chifukwa mwana wawononga kale ngongole ya zaka ziwiri.

Tsopano za m'kati mwa koziyo. Masilabasi ambiri amauza mwana kuti alembe pulogalamu yake kuyambira sabata yachiwiri, asanadziwe kuwerenga ya wina. Mu 2004 gulu lotsogozedwa ndi Raymond Lister linayesa ophunzira a m'mayiko angapo amene anali atamaliza kapena ali pafupi kumaliza kozi yoyamba, ndipo linapeza kuti ambiri ankavutika ngakhale kutsatira khodi yaifupi mzere ndi mzere n'kunena chimene ituluke. Munthu amene sangatsatire loop (khodi yobwerezabwereza ntchito imodzi) ya wina sangalembe yake. Yesani nokha ndi kalasi yanu. Lembani pa bolodi mizere itatu iyi: a = 5, kenako b = a, kenako a = 7. Funsani kuti b ali ndi chiyani. Yankho lolondola ndi 5, koma ena adzati 7, chifukwa m'mutu mwawo chizindikiro cha = chamanga a ndi b kukhala chinthu chimodzi mpaka kalekale, monga zilili pa algebra. Ana okhoza masamu ndi amenenso amakakamira pa x = x + 1, poti ku Fomu 4 anaphunzira kuti zimenezo n'zosatheka. Wina adzalemba range(1, 5) n'kumayembekezera kuona 5 kumapeto, pamene mu Python zimenezo zimapereka 1 mpaka 4 basi. Zolakwa zimenezi si umbuli. Mwanayo ali ndi chithunzi cholakwika cha mmene makina amagwirira ntchito, ndipo chithunzicho sichikonzeka pongomupatsa asayimenti ina yaikulu.

Choncho mutu uliwonse watsopano uziyenda motere. Apatseni pulogalamu yogwira ntchito ya mizere khumi kapena khumi ndi isanu. Alosere papepala chimene ituluke. Ayiyendetse pa kompyuta n'kuona ngati analosera bwino. Ayitsatire ndi pensulo, akulemba m'tebulo mmene variable iliyonse (dzina losunga nambala, monga a ndi b aja) ikusinthira. Asinthe kanthu kamodzi. Pamapeto pake ndi pomwe alembe yawo. Sue Sentance ndi anzake ku England anaukonza bwino mndandanda umenewu n'kuutcha PRIMM. Pakati pa kusintha ndi kulemba ikanipo ntchito yotchedwa Parsons problem, imene Dale Parsons ndi Patricia Haden a ku New Zealand anaifotokoza mu 2006: mumatenga pulogalamu yolondola, kudula mizere yake, kuisokoneza, ndipo wophunzira aisanje. Ndi pepala ndi sizasi basi, ndiye magetsi akathima labu siimaima. Ndimaikonda njirayi chifukwa imalola mwana kuganizira dongosolo la pulogalamu popanda kulimbana ndi koma kapena bulaketi yoiwalika.

Pa chinenero, Python ndi yoyenera semesita yoyamba. Mu Java, kuti mwana angotulutsa liwu limodzi pa sikirini, kawirikawiri amayenera kukopera class, public static void main ndi zina zimene mumamuuza kuti adzazimva kutsogolo. Mwana amene wayamba kale kudzikayikira akamva "udzamva kutsogolo" kangapo, amasiya kuyesa kumvetsa n'kuyamba kuloweza. C ndi Java zibwere semesita yachiwiri kapena chaka chachiwiri, pomwe nkhani ya memory ndi pointer ili ndi pokhazikika. Pa makompyuta a mu labu ikani Thonny, pulogalamu yolemberamo Python, imene inapangidwa ku University of Tartu ku Estonia. Ndi yaulere, ndi yopepuka moti imayenda pa makina akale, imabwera ndi Python yake, siifuna intaneti, ndipo imaonetsa ma variable akusintha pamene pulogalamu ikuyenda mzere ndi mzere. Amene ali ndi foni ya Android yokha akhoza kuyeserera timapulogalamu tating'ono ku hostelo ndi Pydroid 3. Zonse zofunika pa koziyo, manotsi, zitsanzo, mafayilo a data, zikhale pa fulashi kapena pa seva ya mu labu, kuti wopanda bandulo asatsalire.

Maola a lekitchala nawonso asinthe. Njira yotchedwa peer instruction, imene Eric Mazur anayamba nayo pa makalasi a physics ku Harvard kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, imagwira bwino pa kalasi yaikulu. Mumafotokoza mphindi khumi, n'kuika funso limodzi lokhala ndi mayankho anayi, monga la a ndi b lija. Aliyense avote payekha. Zipangizo zamagetsi sizofunika: pepala la A4 lopindidwa panayi, lolembedwa A, B, C, D, limakwana. Ngati olondola ali pakati pa 35 ndi 70 pa 100 aliwonse, auzeni akambirane atatuatatu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako avotenso, inu n'kumangirira. Ngati pafupifupi onse alondola, pitirirani. Ngati olondola ndi ochepa kwambiri, fotokozaninso, chifukwa kukambirana kungofalitsa cholakwa. Mphamvu yonse ili pa mayankho olakwikawo: lililonse likhale cholakwa chenicheni chimene ana amachita, chotengedwa m'mapepala a mayeso akale. Mafunso atatu kapena anayi pa ola limodzi ndi okwanira.

Mu labu akhale awiriawiri pa kompyuta imodzi, wina pa kiyibodi, wina akuwerenga ndi kulozera, ndipo azisinthana pakatha mphindi 10 kapena 15 zilizonse. Kwa inu ubwino wake ndi wapawiri, poti makompyuta 30 akwanira ana 60 ndipo kuperewera kwa makina kwasanduka njira yophunzitsira. Kafukufuku wa Charlie McDowell ndi Linda Werner ku University of California, Santa Cruz anaonetsa kuti ophunzira amene anagwira awiriawiri ankatsalabe mu digiri ya kompyuta mochuluka kuposa amene anagwira okha. Koma njirayi imaonongeka msanga ikasiyidwa yokha. Mukaphatikiza katswiri ndi woyamba kumene, katswiriyo amalanda kiyibodi ndipo mnzakeyo amasanduka woonerera. Phatikizani ofanana msinkhu wa luso. Woyang'anira labu aziimba belu kapena kuwomba m'manja nthawi yosinthana, apo ayi sasinthana. Musasiye mtsikana mmodzi pakati pa anyamata okhaokha ngati pali mwayi woika atsikana awiri pamodzi, chifukwa kawirikawiri iye ndi amene amapatsidwa ntchito yolemba lipoti anzake akulemba khodi. Sinthani mapeyala pakatha masabata atatu kapena anayi. Oyang'anira labu akhoza kukhala ophunzira a chaka chachitatu kapena chachinayi, mmodzi pa mapeyala khumi, koma aphunzitseni lamulo limodzi: asagwire kiyibodi ya wophunzira, azifunsa mafunso mpaka mwanayo apeze yekha pomwe palakwika.

Ku University of California, San Diego, Leo Porter ndi Beth Simon anaphatikiza zinthu zitatu pa kozi yawo yoyamba: peer instruction, kugwira awiriawiri, ndi zitsanzo za zithunzi ndi mawu. Mu 2013 analengeza kuti ophunzira otsalabe mu digiriyo patatha chaka anachoka pa 51 kufika pa 81 pa 100 aliwonse. Chachitatucho chinachokera ku Georgia Tech, komwe Mark Guzdial anayamba mu 2003 kuphunzitsa loop ndi array pogwiritsa ntchito zithunzi: mwana amalemba loop yodutsa pa pixel (kadontho ka chithunzi) iliyonse, chithunzi chake n'kusanduka chakuda ndi choyera pamaso pake. Phunziro lake ndi lakuti mwana aone msanga kuti khodi imachita kanthu kooneka. Kwa ana anu zitsanzo zili pafupi: kuwerengera ndalama yodulidwa potumiza pa Airtel Money kapena Mpamba malinga ndi kuchuluka kwa ndalama ndi phunziro lathunthu la if ndi elif. Kuwerengera mapointi a MSCE posankha maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino ndi phunziro la list ndi sort. Pali ntchito yakale ya Elliot Soloway ya m'ma 1980, yowerenga manambala a mvula ya tsiku ndi tsiku mpaka nambala yoimitsira, kutaya olakwika, n'kupeza avereji. Imaoneka yophweka koma imagwetsa ambiri chifukwa imalumikiza zinthu zinayi nthawi imodzi, ndiye muipereke chakumapeto, ndipo mugwiritse ntchito manambala enieni a mvula ya boma limene muli. Chenjerani ndi mapulojekiti aakulu. "Pangani sisitimu ya chipatala" mu semesita yoyamba imangobala kukopera.

Kayesedwe n'kofunika kukaganizira mofatsa. Ngati mwana amva koyamba kuti zinthu sizili bwino pa mayeso a pakati pa semesita, mwachedwa, chifukwa mu programming mutu uliwonse umakhala pamwamba pa unzake: wosamva variable sangamve loop, wosamva loop sangamve function. Ikani kayeso kakang'ono ka mphindi 20 sabata yachitatu kapena yachinayi, ka kuwerenga khodi kokha, kokhala ndi malikisi ochepa. Amene apeza pansi pa theka muwaitane ndi mayina awo sabata yomweyo, osati pokhoma chidziwitso pa bolodi, ndipo muwapatse gawo lapadera ndi mwayi wolembanso. Ntchito za sabata ndi sabata zikhale zing'onozing'ono koma zambiri, zisanu kapena khumi, m'malo mwa maasayimenti awiri akuluakulu. Ndipo poti kuyambira kumapeto kwa 2022 ChatGPT ndi zinzake zimalemba mosavuta ntchito zambiri za chaka choyamba, malikisi ochuluka asakhale pa ntchito yochitira ku hostelo. Aikeni pa mayeso a mu labu intaneti itazimitsidwa, ndi pa kufotokoza pakamwa: mphindi zisanu, mwana aloze mzere wa khodi yake, anene ntchito yake, asinthe kanthu inu mukuona.

Kenako yang'anani ndandanda yonse ya zaka zinayi ndi pensulo, mujambule mizere yosonyeza kozi imene imatsekera inzake. Mudzapeza kuti kozi yoyamba ya programming imatsekera pafupifupi zonse, koma imaperekedwa kamodzi pachaka. Mwana akaigwa, chaka chonse chapita, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasankha kusamuka. Iperekeninso semesita yachiwiri, ngakhale kwa kagulu kochepa. Onaninso masamu. Calculus ili ndi malo ake, makamaka kwa amene adzapite ku machine learning, koma masamu amene programming ndi algorithms zimadalira mwachindunji ndi Discrete Mathematics: logic, ma set, induction, ma graph. Ngati semesita yoyamba yadzaza ndi Calculus, Physics ndi Chemistry, kozi ya kompyuta ili imodzi yokha, mwana amene anabwera kudzaphunzira kompyuta amatha chaka asanaione bwinobwino. Chimene chingasunthidwe chisunthidwe.

Apa tsopano ndi pomwe maganizo a anzanu aja akulowa. M'malo motsegula madigiri atatu atsopano amene mulibe aphunzitsi ake, sungani thunthu limodzi zaka ziwiri zoyamba, kenako nthambi. Georgia Tech inachita zimenezi mu 2006 ndi dongosolo lotchedwa Threads: njira zisanu ndi zitatu, monga Intelligence, People ndi Media, ndipo wophunzira amasankha ziwiri. Inu zitatu zikukwanirani, iliyonse ya makozi atatu kapena anayi, ndipo musatsegule nthambi imene ili ndi mphunzitsi mmodzi yekha, chifukwa akapita kukachita PhD nthambiyo yafa ana ali pakati. Kuti mwana wa chaka choyamba aone kumene akupita, ikani ola limodzi pa sabata loti anthu ogwira ntchito abwere kudzaonetsa zimene amachita: amene amasamalira DHIS2, sisitimu yosungira data ya Unduna wa Zaumoyo, a m'mabanki ndi m'makampani a mafoni, a malo ngati mHub imene Rachel Sibande anayambitsa ku Lilongwe. Theka la alendowo akhale amayi. Upangiri wa silabasi wotchedwa CS2023, wa ACM ndi IEEE (mabungwe a akatswiri a kompyuta), muugwiritse ntchito poona ngati thunthulo lili ndi zofunika zonse, koma musaukopere wonse, poti unalembedwa kuti sukulu iliyonse isankhemo.

Pa zokopa ana a sekondale, kumbukirani kuti amasankha pa fomu, ambiri asanaonepo programming. Pa zofunika polowa musaike Computer Studies ngati chokakamiza, chifukwa mukatero mwatsekera kunja ana ambiri a m'masukulu opanda labu. Masamu ndi Chingerezi n'zokwanira. Lembani poyera m'kabuku ka dipatimenti kuti digiriyi imayambira pa munthu amene sanagwirepo kompyuta. Tumizani ophunzira anu a chaka chachiwiri, makamaka atsikana, ku masukulu amene anachokera nthawi ya holide, atanyamula laputopu ndi kapulogalamu kamene analemba okha. Aphunzitsi a masamu a Fomu 3 ndi Fomu 4 ndi amene ana amawafunsa posankha, ndiye awonso muwayendere.

Pa kayendetsedwe ka ntchito ya komiti, gawani zosinthazo pawiri. Kuvota ndi mapepala, kugwira awiriawiri, kugawa magulu a labu, kayeso ka sabata yachinayi ndi zitsanzo zatsopano ndi nkhani za kaphunzitsidwe, ndipo zambiri mukhoza kuyamba semesita ikubwerayi dipatimenti ikagwirizana. Kusintha mayina a makozi, ma credit, kagawidwe ka malikisi ndi nthambi zatsopano kudutsa ku faculty, ku Senate, ndipo digiri ikasintha kwambiri NCHE iyenera kuiunikanso, choncho zimenezo zipatseni chaka kapena kuposerapo. Kozi yoyambayo ipatseni mphunzitsi wanu wodziwa kwambiri kuphunzitsa, osati amene wangolembedwa kumene ntchito, ndipo akhale nayo zaka zosachepera zitatu kuti mafunso ndi zitsanzo zikhwime. Semesita iliyonse ikatha dzazaninso tebulo lija la kwa aregistrala, muwonjezere mzere umodzi: mwa amene anakhoza kozi yoyamba m'njira yatsopanoyi, ndi angati akhozanso Data Structures.